Pensulo wabwerako ku Joni: zokambirana pa gulu la ojambula a ku Salima

LOLEMBA MADZULO

Adimini: Anthuni, mlendo wathu wafika. Ndamuona ndi maso angawa akutsika minibasi pa Kamuzu Road, nkhope ili mbuu ngati wachokera ku chigayo. Achimwene a Pensulo, sambani, idyani, kenako mutiuze za ku Joni. Ndalama ya basi tinasonkha tonse, ndiye lipoti libwere pagulu pano, osati kumbali.

Mayi Telala (Chipoka): Takulandirani achimwene. Mwayenda bwanji? Nsalu yanga ija mwandigulira?

Pensulo (Senga Bay): Ndayenda bwino mayi, kaya inu otsala. Nsalu ayi ndithu, chifukwa chake muchimva pompano. Miyendo yatupa ngati minsi ya mtondo. Masiku awiri pampando, kudutsa Dedza, Tete, Nyamapanda, Harare, Beitbridge, kukatsikira ku Park Station. Pobwerera chimodzimodzi.

Mphwanga wa Manga: Ankolo za basi zisiyeni, tiuzeni za Comic Con!

Adimini: Iwe, akulu akamayankhula umadikira.

Pensulo: Musiyeni, ndi iyeyu amene amanditumizira mafunso tsiku lililonse. Chabwino, ndiyambe. Kwa amene simukudziwa, Comic Con Africa ndi msonkhano wa anthu okonda makomiki, makatuni, mafilimu ndi masewera a pa kompyuta. Unayamba mu 2018 ku Kyalami, koma tsopano umachitikira ku Johannesburg Expo Centre, ku Nasrec, pafupi ndi bwalo lija kunaseweredwa fainolo ya World Cup mu 2010. Ndi masiku anayi, Lachinayi mpaka Lamulungu. Maholo ake ndi angapo, lililonse lili ndi zake: kwina masewera, kwina masitolo a zidole ndi malaya, kwina akatswiri a mafilimu akusayina. Ife ojambula timakhala m'dera lomwe amalitcha Artist Alley. Dzinalo lisakuopseni. Ndi mizere ya matebulo basi, aliyense ndi tebulo lake, mpando wake ndi katundu wake.

Ndinene chilungamo. Ine ndimapita ndi mtima woti akuluakulu osindikiza mabuku akandiona akagwa nane m'chikondi, akanditengera ku ofesi, basi umphawi watha. Nditakhala pa tebulo paja maola awiri ndinazindikira kuti ndabwera ku msika. Msika weniweni ngati wa pa boma pano. Kusiyana kwake n'koti wogula wavala mapiko.

Aphunzitsi (Lifuwu): Munatenga chiyani kwenikweni? Ine ndinangoona makatoni.

Pensulo: Timabuku 60 ta nkhani yanga ija ya mnyamata siginala, uja woyatsa nyali zokopa usipa, amene amaona chinthu pansi pa nyali kufupi ndi chilumba cha Namalenje. Masamba 24. Ta Chingerezi 40, ta Chichewa 20. Kenako maposita 30 ndi masitika 200. Mwa maposita aja, 20 anali a zimphona zodziwika kale za ku America ndi ku Japan, 10 anali anga a kunyanja kuno.

Wa ku Linga (Nkhotakota): Ndiye tingoyerekeza, a zimphona za eni ake anatha, anu anabwerera.

Pensulo: Mwalasa akulu. Anatha pofika Loweruka masana. Anga ndinagulitsa anayi.

Wa ku Linga: Si ndinanena ine.

Pensulo: Dikirani kaye, nkhani sinathe. Tsiku loyamba ndinagulitsa masitika asanu ndi awiri basi. Cholakwa chinali changa. Ndinakhala pansi, mutu weramu, ndikujambula, poganiza kuti anthu akaona dzanja likuyenda aima okha. Amaima inde, n'kuyang'ana, n'kupitirira. Tebulo loyandikana nalo panali mayi wina wa ku Pretoria, wojambula amphaka ndi maluwa, zinthu zomwe ine kunena zoona ndinazipeputsa nditangoziona. Koma anthu anali mpanipani. Madzulo tikulongedza anandiuza mosabisa kuti vuto langa n'loti ndikubisala. Imirira, perekani moni, mupatse munthu kabuku m'manja, umuuze nkhani yake m'mawu ochepa asanaphethire kawiri. Anandiuzanso kuti katundu woyala chogona saoneka patali, ndiimike maposita. Ndinakagula timapegi ta zovala ndi chingwe, Lachisanu ndinayanika zithunzi ngati matewera.

Mayi Telala: Kikiki. Ndiye munapita ku Joni kukaphunzira zimene amayi a tomato pa msika wa Chipoka amadziwa kale? Mukanandipatsa ine ndalama ya basiyo ndikanakuphunzitsani pakhonde.

Pensulo: Mayi musanditonze, chilonda chikadali chachiwisi. China chomwe sindinakonzekere: anthu kumeneko sayenda ndi ndalama m'thumba. Aliyense akutulutsa khadi kapena foni. Ine ndinali nditasunga chenje m'kachikwama ka m'chiuno ngati kondakitala. Anthu atatu anabweza katundu pa tebulo chifukwa ndinalibe kamakina. Mayi yemwe uja ndiye anandipulumutsa, anthu anga amalipira pa kamakina kake, ife n'kumawerengerana madzulo. Munthu wosamudziwa, wosadziwa ngakhale kuti Salima ili kuti.

Aphunzitsi: Mulungu amudalitse. Munamusiyira kanthu?

Pensulo: Anakana ndalama. Anasankha posita ya amayi akuyanika usipa pa thandala.

LOLEMBA USIKU

Mayi Telala: Tsono za zovala zija munatumiza zithunzi, amasoka okha kapena amagula? Chija cha mapewa akuluakulu chandisowetsa tulo.

Pensulo: Amazitcha cosplay. Munthu amavala ngati munthu wa m'filimu, m'komiki kapena m'masewera amene amawakonda. Ena amagula, koma olemekezeka ndi osoka okha. Zija zooneka ngati zitsulo si zitsulo ayi, ndi mphira wofewa ngati wa masilipasi. Amaudula, kuutenthetsa kuti upindike, kumata ndi guluu, kupaka penti mpaka kuwala ngati chitsulo. Mtsikana wina anandiuza kuti chovala chake chinamutengera miyezi isanu. Pamakhala mpikisano, ndipo oweruza sangoyang'ana patali, amatembenuza chovala kuona msoko wa mkati. Ndinakukumbukirani pomwepo.

Mayi Telala: Eya! Amenewo ndiye oweruza. Telala amadziwika kunsi kwa nsalu. Kuno munthu amangofuna diresi mawa m'mawa, msoko ukhote usakhote.

Pensulo: Ndipo pali mwambo wake. Sumangojambula munthu ndi foni kapena kumugwira chifukwa wavala zachilendo. Umapempha kaye.

Mphwanga wa Manga: Ndiye kuti ndi gule wamkulu wa azungu basi 😂

Amalume (Khombedza): Mwana iwe, bweza mawu amenewo.

Mphwanga wa Manga: Pepani amalume, ndimangocheza.

Amalume: Kucheza kulipo, koma pali malire. Ndaziona zithunzizo. Uyo wavala chigoba, njala ikamupweteka avula n'kudya tchipisi anthu akuona, ndipo anzake akumuitana dzina lake. Ameneyo ndi munthu wovala. Chilombo si munthu wovala. Chimatuluka pa maliro, pa chinamwali, polonga ufumu, chili ndi chifukwa chake ndi eni ake. Zina sindinganene pa foni pano pali ana ndi osameta.

Pensulo: Amalume mwafika pomwe ndimafuna kufunsa. Loweruka panabwera bambo wina, wojambula mnzathu wa konko, munthu waulemu wake. Atamva kuti ndine wa ku Malawi anati iwe uli ndi chuma, bwanji osatenga zilombo za gule n'kuzisandutsa zimphona zomenya zigawenga? Anati zimenezo zingagulidwe kwambiri kuposa asodzi. Ndinaseka n'kusintha nkhani, koma m'basi monse zimandizungulira m'mutu. Chifukwa sananame, zingagulidwedi.

Wa ku Linga: Nanga mukudikira chiyani? Mukapanda kujambula inu ajambula wina wa ku London amene sanapondeko pabwalo, ndalama n'kudya iyeyo. Gule ali kale pa makalendala ndi pa misonkhano ya ndale.

Aphunzitsi: Pamenepo a ku Linga ali ndi mfundo pang'ono. UNESCO inalengeza gule wamkulu kukhala chuma cha dziko lonse lapansi mu 2005, ndipo ndi wa Achewa a maiko atatu, kuno, Zambia ndi Mozambique. Ku Mua, pa msewu womwewu wa ku Balaka, zigoba zambirimbiri zili mu Chamare Museum, aliyense amakaona. Ana anga a sukulu ndinapita nawo.

Amalume: Aphunzitsi, ku Mua zili m'nyumba, munthu amalowa mwaulemu n'kufotokozeredwa tanthauzo. Sitika imamatidwa pa matako a njinga ya kabaza, mwinanso pa chitseko cha chimbudzi. Sindikuletsa kujambula. Zimene maso a aliyense amaona pabwalo, fumbi, ng'oma, amayi akuyimba, chilombo chikuvina, jambulani. Koma mukafuna kuchiika m'nkhani chizilankhula, chizivula, chizikhala ndi chibwenzi m'tauni, yambani mwafika kwa amfumu ndi akulu a kudambwe. Akakana mwamva. Akalola akuuzani polekezera.

Pensulo: Ndamva amalume. Ine ndine wa kunyanja, za kudambwe sindizidziwa, ndipo sindikufuna kulemera ndi chinthu chomwe sindingachifotokoze. Ndikhala kaye ndi asodzi anga.

Wa ku Linga: Asodzi omwe anagulitsa maposita anayi.

Adimini: Akulu a ku Linga, lero mwadya chiyani?

LACHIWIRI M'MAWA

Adimini: Magetsi anatithawa usiku nkhani ili pakati. A Pensulo, ife osonkha tikufuna masamu. Mwapindula kapena mwaluza?

Pensulo: Ndaluza. Ndisakunamizeni. Ndikaphatikiza basi, tebulo, kusindikiza ndi chakudya, zomwe ndapeza zabweza tebulo ndi kusindikiza, koma basi ayi. Ndipo pogona sindinalipire, ndimagona kwa msuweni wanga ku Turffontein. Ndiye nsalu ya mayi Telala inathera pamenepo.

Kusindikiza komweko kunandipweteka ndisananyamuke. Malo ena ku Lilongwe, sinditchula dzina, anandipatsa timabuku tsiku lonyamuka, ndipo nditatsegula m'basi ndinapeza nyanja yanga ya buluu yasanduka yakuda bii, timabuku tisanu masamba atasemphana. Koma mbali ina ndi umbuli wanga. Ku Joni ndi kumene anzanga anandifotokozera kuti mitundu ya pa sikirini ndi ya kuwala, RGB, pomwe makina osindikizira amasakaniza inki zinayi, CMYK, ndiye buluu wowala uja pa pepala amazima. Umayenera kusintha wekha pa kompyuta, n'kupempha akusindikizire kamodzi koyesera usanalamule zonse. Ine ndinangopereka fulashi n'kumapita.

Adimini: Zimenezo ife a zikwangwani tinazilira kalekale. Ndipo chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, pepala ndi inki sizigwirika, zonse n'zochokera kunja. Mukanandifunsa.

Pensulo: Ndikanakufunsani, eya. Fisi akagwa m'mbuna salankhula.

Aphunzitsi: Nanga timabuku? Simunanene.

Pensulo: Apa ndiye pali nkhani yomwe ndimafuna a ku Linga aimve. Ta Chingerezi ndinagulitsa 13 mwa 40. Ta Chichewa pa msonkhano ndinagulitsa tiwiri, kamodzi kwa mzungu wina amene amasonkhanitsa makomiki a zilankhulo zosiyanasiyana, sadzakawerenga n'komwe. Kachiwiri ndi aka. Lamulungu madzulo, anthu atayamba kuchepa, panabwera bambo wina wa yunifolomu ya osesa, atanyamula thumba la zinyalala. Anaima n'kumayang'ana chikuto. Kenako ndinangomva, "Achimwene, kodi ichi ndi Chichewa?" Wa kwanu ku Nkhotakota, a ku Linga, mbali za ku Dwangwa. Zaka zisanu ndi zinayi asanapondeko kumudzi. Anatsamira tsache pa tebulo n'kuwerenga masamba onse 24 ali chiimire, akuseka yekha. Pofika paja agogo akukalipira mnyamata kuti mwera sauyesa ndi bwato lobwereka, anatseka kabuku n'kuyang'ana kumbali kanthawi. Ndinafuna kumupatsa ulere, anakana, analipira ndi makobidi.

Usiku womwewo msuweni wanga anaitana anzake a pa yadi, matchona okhaokha, ena a m'magaraja, ena olondera, ena a m'makhitchini. Timabuku 11 tinapita pomwepo. Totsala 7 tinathera m'basi tisanafike pa Beitbridge, kamodzi kakuyenda mpando ndi mpando mpaka kondakitala anabwera kudzafunsa ngati katsalako. Ta Chichewa tonse 20 tinatha. Ta Chingerezi 27 tili pansi pa bedi panopa.

Wa ku Linga: Hmm. Komabe amenewo anagula chifukwa cha kupukwa kumudzi. Munthu ali ku Joni ngakhale thumba la chigumu angaligule pa mtengo wa nkhuku. Bweretsani kabuku komweko pa Nkhotakota boma muone ngati wina atulutse ndalama. Kuno anthu amati tangonditumizira pa WhatsApp.

Pensulo: Mwina mukunena zoona. Koma ndikufunseni, munayamba mwaonapo tebulo la makomiki a Chichewa pa Nkhotakota boma, anthu n'kulilambalala?

Wa ku Linga: Ayi.

Pensulo: Inenso pa Salima sindinalione. Ndiye tonse tikungolota. Ine ndawoloka malire atatu kukafuna owerenga, n'kukapeza kuti amene anawerenga mpaka kumapeto ndi anthu a kwathu konkuno.

Mphwanga wa Manga: Koma ankolo Chichewa m'komiki chimavuta. Ine ndikayesa, mawu amodzi okha ngati "sindinakakuuzeni" adzaza kabwalo konse ka mawu, nkhope ya munthu n'kubisika.

Aphunzitsi: Chifukwa umayamba kuganiza m'Chingerezi kenako n'kumasulira, mwana wanga. Tamvera mmene anthu amayankhulira pa doko. "Kokani!" "Wagwa!" "Iwe!" Palibe amanena chiganizo cha mu mayeso a MSCE bwato likumira.

Pensulo: Aphunzitsi anena. Ndipo mphwanga, tili ndi chuma china chomwe sitichiwerengera. Azungu ali ndi timawu tawo towerengeka ta phokoso. Ife tili ndi chubwi, phava, khu, gwa, psiti, zii, mbee, nyomi. Ngakhale kukhala chete kuli ndi mawu ake. A ku Japan omwe umawakondawo ndi mmene amachitiranso, makomiki awo aja a manga adzaza ndi timawu totere, mpaka ka chete kalipo. Mu kabuku ka Chingerezi ndinasiya CHUBWI momwemo pomwe nyali ikugwera m'madzi, chifukwa ndinasowa mawu ena. Mtsikana wina wa ku Soweto anawerenga mokweza, n'kuseka, n'kuitana mnzake kuti amve. Sanafunse tanthauzo.

Mphwanga wa Manga: Ndiye ine ndizijambula kuyambira kumanja kupita kumanzere ngati manga, kapena?

Pensulo: Iwo amatero chifukwa mabuku awo amawerengedwa choncho. Agogo ako akatenga kabuku kako ayambira kuti? Jambulira amenewo.

LACHIWIRI MASANA

Aphunzitsi: Ndakhala ndikuganiza pa nthawi ya buleki. Bwanji osayala tebulo lathu konkuno? Misonkhano ikuluikuluyi sinayambe ndi maholo. Wa ku San Diego unayamba mu 1970 m'chipinda chapansi cha hotela, anthu pafupifupi 300. Wa ku Tokyo, Comiket, unayamba mu 1975 ndi magulu 32 okha ogulitsa timabuku todzipangira okha, anthu ngati 700. Ife pagulu pano tilipo 41. Kalasi imodzi ndi mabenchi ndingapemphe kwa ahedi.

Adimini: Kapena tipemphe malo pa zoimbaimba za ku Senga Bay. Sand Music Festival ndi Lake of Stars onse anachitikirapo konkuno, anthu a ndalama amabwera okha kuchokera ku Lilongwe.

Wa ku Linga: Amenewo amabwerera mowa ndi magule. Kabuku kanu adzaikirapo botolo.

Mayi Telala: Pokhapa ndagwirizana ndi a ku Linga. Yambani ndi ana a sukulu ndi makolo awo. Ine ndisoka zovala ziwiri zitatu ana avale, Kalulu ndi Fisi, ndione ngati mphira wa masilipasi uja ungandimvere.

Amalume: Kalulu ndi Fisi alibe mlandu. Amenewo valani.

Pensulo: Koma mtengo utsike. Wa ku Joni uja kuno palibe angaukwanitse. Ndaona anzathu ena kumeneko akugulitsa timabuku takuda ndi toyera, ta fotokope, ndipo anthu amagula osanyinyirika. Pepala la A4 ukalipinda pakati limakupatsa masamba anayi, ndiye mapepala anayi ndi kabuku ka masamba 16. Chongofunika ndi sitepula ya mkono wautali yofika pakati. Ndipo pa tebulo lathu ndikupempha pasakhale zimphona za eni ake. Zinandibwezera ndalama ya tebulo, sindikana, koma munthu akagula amakumbukira chimphonacho, osati iwe. Palibe ndi mmodzi yemwe wa maposita aja anandifunsa dzina.

Aphunzitsi: Komanso ndi za eni ake mwalamulo. Ifenso tikayamba kutulutsa zathu tidzafike ku COSOMA tikamve za umwini, tisadzalire mawa.

Adimini: Sitepula yotero ndili nayo ku shopu. Tikumane Loweruka 2 koloko pa shopu pompo, aliyense abwere ndi masamba amene ali nawo, ngakhale a pensulo. A ku Linga, mukwera ya m'mawa?

Wa ku Linga: Ndibwera kudzaona mmene muluzire. Mundisungire kabuku kamodzi ka Chingerezi kaja, ka Chichewa poti kanatha.

Pensulo: Ka Chichewa ndisindikizanso. Nali tsamba 9 ndi 10 muonereko, amene simunakaone.

Mayi Telala: Achimwene a Pensulo, bambo a kunyumba kuno aona masambawo pa foni yanga. Akuti ndikufunseni, mwezi wathunthu uwo uli mbee pamwamba pa bwato ukutani? Akuti ndani amapita ku usipa ndi nyali mwezi ukuwala chonchi? Usipa wake ungabwere ku nyali uti? Akuti masiku amenewo iwo amakhala pamtunda akusoka chilimila.

Pensulo: Mayi, anthu masauzande anadutsa pa tebulo langa masiku anayi, wina mpaka anayamikira mwezi womwewo.

Mayi Telala: Akuti inu ndinu mwana wa ku Senga Bay, mukudziwa.

Pensulo: Ndikudziwa. Ndinauika kuti tsamba likongole.

Mayi Telala: Akuti muufufute, ndipo Loweruka abwera nawo adzaone masamba enawo musanapite nawo ku fotokope.